Nyumba yathu yatuluka D pa EPC: tikonze kaye kapena tigulitse momwemo?

Nangozo
Moni nonse pagulu pano. Ndikupempha nzeru kwa amene mumadziwa za nyumba kuno ku England. Ine ndi bambo akunyumba tikufuna kugulitsa nyumba yathu chaka chamawa, ana akula ndiye malo achepa. Satifiketi ya EPC, ija yoonetsa ndi chilembo kuyambira A mpaka G mmene nyumba imagwiritsira ntchito gasi ndi magetsi, inatha nthawi yake, tinaitana woyeza, ndipo yatuluka D, mapointi 64. Agent wotigulitsira nyumbayo akuti tikaifikitsa pa C ogula adzachuluka ndipo mtengo udzakwera. Papepalapo alemba zinthu zambiri zoti tichite, kuyambira insulation ya kudenga, zija zotchinga kuti kutentha kusatuluke m'nyumba, mpaka masola. Ndalama zathu n'zochepa. Kodi chilembo chimenechi chimasinthadi mtengo wa nyumba? Ngati n'koyenera kukonza, tiyambire pati?

Aphiri
Mayi Nangozo, musanatulutse ndalama iliyonse yang'anani kaye nambalayo, osati chilembo chokha. Sikelo yake imayenda chonchi: G ndi 1 mpaka 20, F ndi 21 mpaka 38, E ndi 39 mpaka 54, D ndi 55 mpaka 68, C ndi 69 mpaka 80, B ndi 81 mpaka 91, ndipo A ndi 92 kupita m'mwamba. Inu muli pa 64, kutanthauza kuti atsala mapointi 5 okha kuti mulowe mu C. Amene ali pa 55 nayenso ali pa D, koma iye ulendo wake ndi wautali. Mapointi 5 kawirikawiri amapezeka popanda ntchito yaikulu. Tatiuzani, nyumbayo inamangidwa liti, ndipo woyezayo walemba zotani pa makoma, denga ndi boiler, makina aja otenthetsa nyumba ndi madzi?

Nangozo
Zikomo Aphiri. Ndi ya m'ma 1930, yolumikizana ndi ya aneba mbali imodzi. Makoma ndi aja okhala ndi mpata pakati, cavity wall, ndipo walemba kuti akungoganizira kuti mulibe insulation. Kudenga wapeza mamilimita 100. Boiler ndi ya gasi, si yakale kwambiri. Mawindo onse ndi double glazing, a magalasi awiriawiri. Mababu ena ndi akale aja otentha.

Gondwe
Ine ndinene mosabisa, Achemwali. Nkhani ya zilembo imeneyi ma agent amaikokomeza. Munthu akamagula nyumba amafunsa kuti sukulu yabwino ili pati, sitima amakwerera kuti, zipinda ndi zingati, galimoto aziimika pati. Sindinaonepo munthu akusiya nyumba imene waikonda chifukwa chakuti ndi D. Ndipotu nyumba zambiri zakale za kuno zili pa D pomwepo, si chinthu chachilendo. Pentani makoma, tchetchani udzu, gulitsani.

Mayi a Tadala
Achimwene Gondwe, zimenezo zinali zoona kale. Chichokereni 2022, gasi atakwera mtengo nkhondo ya ku Ukraine itayamba, anthu anayamba kuwerenga mapepalawa. Mukukumbuka kuti boma linachita kulowererapo mu October chaka chimenecho n'kuika malire kuti bilu ya banja wamba izikhala pafupifupi mapaundi 2,500 pachaka. Amene anadutsa m'nyengo yozizira imene ija ali m'nyumba yolowa mphepo sanaiwale. Ifeyo pogula yathu tinasiya nyumba ina yokongola ndithu chifukwa inali E ndipo inkatenthetsedwa ndi mahita a magetsi okhaokha. Sikuti tinkaopa chilembo ayi, tinkaopa bilu ya mwezi ndi mwezi pamwamba pa ngongole ya ku banki.

Gondwe
Chabwino, inu munasiya. Koma wina anaigula. Funso la Nangozo ndi la mtengo, osati la amene anabwerera pakhomo.

Aphiri
Nonse awiri muli ndi mbali ya choonadi, ndiye ndiloleni ndifotokoze pang'ono.

Mu 2013 unduna wa boma woona za mphamvu ndi kusintha kwa nyengo unatulutsa kafukufuku wa nyumba zoposa 300,000 zimene zinagulitsidwa ku England. Poyerekeza ndi nyumba za G, anapeza kuti za F ndi E zinkagulidwa mokwera ndi pafupifupi 6 peresenti, za D ndi 8 peresenti, za C ndi 10 peresenti, ndipo za A ndi B ndi 14 peresenti. Manyuzipepala anatola 14 uja n'kuthamanga naye. Koma taonani pamene pali Mayi Nangozo: pakati pa D ndi C kusiyana kunali kwakung'ono. Phindu lalikulu linali pochoka pansi penipeni. Ndi kafukufuku wakale, wa nthawi imene gasi anali wotchipa, komabe amatiphunzitsa kuti sitepe iliyonse ya sikelo ilibe mtengo wofanana.

China n'chakuti nyumba yachilembo chabwino kawirikawiri imakhalanso yabwino pa zinthu zina. Nyumba zatsopano zambiri zimatuluka B, koma zilinso ndi khitchini yatsopano, mawaya atsopano, denga losadontha. Mwini nyumba amene anaika insulation ndi yemweyo amene ankasamala zina zonse. Tsono kulekanitsa kuti ndalama izi wogula walipirira chilembo, izi walipirira chisamaliro, n'kovuta. Amene akukuuzani kuti C idzakubweretserani ndalama zakutizakuti akunena zimene sangatsimikize.

Ine maganizo anga ndi awa. C imathandiza kuti nyumba isakhalitse pamsika ndiponso imachotsa chifukwa chimodzi chimene wogula akanagwiritsa ntchito ponenerera mtengo. Ngati mungaipeze ndi ndalama zochepa, ipezeni. Ngati ikufuna ntchito ya masauzande ambiri pamene mukusamuka chaka chamawa, ndalamazo sizibwerera zonse.

Nachisale
Pali gulu la ogula limene Achimwene Gondwe mwaliiwala: ife ogula nyumba kuti tizichititsa lendi. Kwa ife chilembo ndi lamulo. Kuyambira April 2018 ku England ndi ku Wales sunkaloledwa kulowetsa munthu watsopano wa lendi m'nyumba ya F kapena G, ndipo kuyambira April 2020 lamulolo linakhudza ngakhale amene anali kale m'nyumba. Landilodi amayenera kuwononga mpaka mapaundi 3,500 kuti aifikitse pa E, zikakanika ndiye amalembetsa kuti akhululukidwe. Akapanda kutero khonsolo ikhoza kumulipiritsa chindapusa mpaka mapaundi 5,000 pa nyumba imodzi.

Tsopano nkhani ili pa C. Boma la Conservative linkafuna kukweza malire kufika pa C, kenako Rishi Sunak, nduna yaikulu panthawiyo, anazisiya mu September 2023. Boma la Labour litalowa linaidzutsanso nkhaniyo, ndipo chaka chimene akutchula ndi 2030. Ndiye ineyo ndikaona nyumba ya D, nthawi yomweyo ndimawerengera kuti kuifikitsa pa C kudzandidyera zingati, n'kuchotsa ndalamazo pa mtengo umene ndikupereka. Ngati nyumba ya Nangozo ili m'dera limene malandilodi amagula kwambiri, mapointi 5 amenewo ndi ndalama zenizeni.

Gondwe
Apo ndavomera, Nachisale. Ine ndimaganiza za banja logula kuti lizikhalamo.

Kondwani
Ku France zinafika kale pamenepo. Satifiketi yawo amaitcha DPE, nayonso ndi A mpaka G. Kuyambira January 2025 nyumba ya G sungaichititse lendi mwatsopano, F idzatsatira mu 2028, E mu 2034. Eni nyumba ambiri a zilembo zapansi amangoganiza zogulitsa, ndipo wogula akudziwa kuti wogulitsayo wapanikizika. Lamulo likangokhudza chilembo, mtengo umatsatira.

Koma ndili ndi funso langa, Aphiri. Bwanji Mayi Nangozo osangoika heat pump, makina aja a magetsi okoka kutentha kwa panja n'kukulowetsa m'nyumba? Boma likupereka mapaundi 7,500 kudzera mu Boiler Upgrade Scheme. Si ndiye kuti adumphira pa B?

Aphiri
Ayi Kondwani, pamenepo anthu ambiri amakhumudwa. Nambala yaikulu ya pa EPC imachokera pa ndalama zimene nyumbayo ingawononge potenthetsa zipinda, kutenthetsa madzi ndi kuyatsa magetsi owunikira. Siyesa utsi umene nyumbayo ikutulutsa, umenewo uli ndi muyeso wake wapadera. Heat pump imatulutsa kutentha kowirikiza katatu kapena kuposa poyerekeza ndi magetsi amene yadya, koma kuno yuniti ya magetsi ndi yodula kuwirikiza pafupifupi kanayi kuposa ya gasi. Zotsatira zake, munthu amachotsa boiler ya gasi yabwinobwino, n'kuika heat pump, nambala n'kungosuntha pang'ono, mwinanso osasuntha. Boma lenilenilo likudziwa vutoli, n'chifukwa chake kumapeto kwa 2024 linafunsa maganizo a anthu pa zosintha satifiketiyi kuti izionetsa miyeso ingapo m'malo mwa umodzi.

Sindikunyoza heat pump, ndi makina abwino ndipo kumene tikupita n'komweko. Koma kuiika m'nyumba imene makoma ake akutaya kutentha kuli ngati kutungira madzi mu ndowa yobooka. Mumayamba mwatseka pobookapo. Ndiponso munthu amene akugulitsa chaka chamawa, boiler yake ikugwira ntchito, alibe chifukwa choichotsera.

Nangozo
Ndiye mwa zonse zimene alembazi, inu mukanayamba ndi chiti?

Aphiri
Kudenga. Muli ndi mamilimita 100, pamene muyeso wovomerezeka masiku ano ndi 270. Nyumba yopanda insulation kudenga imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kutentha kwake kudzera pamenepo, ndipo kuwonjezera ndi ntchito yotchipa kuposa zonse. Kenako mababu onse akhale a LED, chimenecho mukhoza kuchita nokha Loweruka likubwerali. Onaninso ngati muli ndi zipangizo zowongolera kutentha, monga thermostat, programmer ndi mavavu aja oika pa radiator iliyonse, chifukwa woyeza amawerengera zimenezo. Ngati muli ndi thanki ya madzi otentha, ivekeni jekete lochindikala.

Chachikulu ndi makomawo. Makoma opanda insulation amataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo kudzaza cavity nthawi zambiri kumabweretsa mapointi angapo nthawi imodzi. Mwayi wanu ndi wakuti nyumba yanu ili ndi mpatawo. Nyumba zomangidwa isanafike 1920 zambiri zili ndi khoma la njerwa zokhazokha, ndipo kumeneko insulation imaikidwa kunja kapena m'kati mwa zipinda, ntchito yodula kwambiri. Dziwaninso kuti zipangizo zopulumutsa mphamvu zoikidwa ndi kampani sizikulipiritsidwa VAT mpaka March 2027.

Masola amakweza nambala bwino ndithu, koma ndalama zake zimabwerera patapita zaka zambiri. Amene adzadyerere ndi wogulayo.

Nankhoma
Pepani ndalowa mochedwa, koma nkhani ya makomayi ndiyenera kuyankhulapo chifukwa inatipweteka. Kampani ina inabwera pakhomo pathu, n'kunena kuti itidzazira cavity mwamsanga. Sanayang'ane n'komwe kuti khoma lathu limayang'ana kumene mvula ya mphepo imachokera, komanso kuti matope a pakati pa njerwa anali atayamba kugumuka. Itafika nyengo yozizira, chipinda cha ana chinayamba madontho akuda pakona, pepala la kukhoma n'kumamatuka, mwana n'kumatsokomola usiku wonse. Mpata uja anauika dala omanga kuti madzi a kunja asafike khoma la m'kati. Ukaudzaza molakwika, wawamangira madziwo mlatho. Kuchotsa zimene anaikazo kunatidyera ndalama zoposa zimene tinapulumutsa.

Sindikunena kuti musachite. Aneba athu anachita ndipo nyumba yawo ndi yofunda, ilibe vuto. Ndikunena kuti munthu wodziwa ayambe waona khomalo, alowetse kakamera m'kati, aone ngati muli zinyalala kapena chinyezi. Kuthamanga sikufika, Achemwali. Wogula akalowa m'nyumba n'kumva fungo la nkhungu, C wanu uja alibenso ntchito.

Nachisale
Nankhoma akunena zoona, ndipo si iwo okha. National Audit Office, ofesi yofufuza mmene boma likugwiritsira ntchito ndalama, inatulutsa lipoti mu October 2025 lonena kuti pafupifupi nyumba zonse, 98 peresenti, zimene zinaikidwa insulation ya kunja kwa khoma kudzera m'mapologalamu a ECO4 ndi Great British Insulation Scheme zikufunika kukonzedwanso. Imeneyo ndi ya kunja, si ya cavity, koma phunziro lake n'limodzi: ntchito ikagwiridwa mothamangira ndalama za mapologalamu otere, amavutika ndi wokhala m'nyumba.

Ndiwonjezere chenjezo lina. Wina akabwera n'kunena kuti apopere spray foam pansi pa denga lanu, kanani. Thovulo limabisa mitengo ya denga moti surveyor, woyendera nyumba isanagulidwe, sangathe kuona ngati ikuwola, ndipo mabanki ena amakana kupereka ngongole pa nyumba yotero. Pali anthu amene anakweza chilembo mwanjira imeneyo n'kupeza kuti nyumba yawo siikugulika mpaka atalipira kuti lichotsedwe.

Mayi a Tadala
Komanso mukatseka mipata yonse yolowera mphepo musaiwale kuti nyumba imafuna kupuma. Nthunzi ya m'bafa, ya kukhitchini, ya zovala zoyanika m'nyumba iyenera kukhala ndi kotulukira. Fani ya m'bafa igwire ntchito, timabowo ta pamwamba pa mawindo tisatsekedwe. Kudenga nakonso, insulation isatseke mphepo yolowera m'mphepete mwa denga.

Za mabanki, alipo amene amachotserako pang'ono chiwongoladzanja kapena kubweza kandalama ngati nyumba ili pa A kapena B, ena amayambira pa C. Ife titawerengera tinapeza kuti kusiyana kwake sikunali kwakukulu, ndiye musadalire kwambiri zimenezo.

Chikondi
Ine ndilibe nyumba, ndimachita lendi, koma ndakhala ndikuwerenga zonsezi ndipo mtima ukundipweteka. Nyumba imene ndimakhala ndi E, mapointi 40. Lamulo ikulikwanitsa, ndiye mwini wake akuti palibe chimene angachite. M'mawa mawindo amachucha madzi, ndimayatsa hita m'chipinda chimodzi chokha kuti bilu isandipitirire, ndipo ana amachita homuweki atavala majekete. Inu mukukamba za peresenti ya mtengo wogulitsira, ife chilembo chimenecho timagona nacho. Amene muli ndi nyumba za lendi pagulu pano, chonde musadikire 2030.

Nachisale
Chikondi mwana wanga, ndakumva ndipo sindikutsutsa. Lowa pa webusaiti ya boma pamene pali kaundula wa ma EPC, ulembe postcode yako, satifiketi ya nyumbayo ituluka yonse pamodzi ndi mndandanda wa zimene woyeza analangiza. Aliyense akhoza kuona, n'zaulere. Uone ngati zimene zalembedwazo zikugwirizana ndi zimene zili m'nyumbamo. Za chinyezi ndi nkhungu umulembere landilodi kalata kapena imelo kuti pakhale umboni, ujambulenso zithunzi. Akapanda kuchitapo kanthu, khonsolo ili ndi ofesi yoona za ukhondo wa nyumba ndipo ili ndi mphamvu yobwera kudzayendera. Kukhala pa E sikumuchotsera udindo wa nyumba yozizira moopsa kapena ya nkhungu.

Gondwe
Funso limodzi kwa Aphiri. Satifiketi ya nyumba yathu imanena kuti tiziwononga ndalama zakutizakuti pachaka, koma bilu yathu yeniyeni siifanana nazo ngakhale pang'ono. Ndiye tiikhulupirire bwanji?

Aphiri
Sinapangidwe kuti ilosere bilu yanu, Achimwene. Kompyuta imaganizira banja wamba lokhala m'nyumba ya kukula koteroko, lotenthetsa pabalaza kufika madigiri 21 ndi zipinda zina 18, kwa maola oikika. Siwerengera firiji, makina ochapira, kuphika kapena TV. Cholinga chake n'chakuti nyumba ziwiri ziyerekezedwe mofanana posatengera kuti mukukhala ndani. Mitengo ya gasi ndi magetsi imene yalembedwapo ndi ya nthawi imene satifiketiyo inapangidwa, ndipo popeza imakhala zaka 10, yambiri ikuonetsa mitengo yakale.

Chofooka chake chenicheni chili pena. Woyeza saboola khoma, sakanganula pansi. Chimene sanachione ndi maso ndipo palibe pepala lochitsimikizira, amalemba mongoganizira potengera zaka za nyumbayo. N'chifukwa chake oyeza awiri akhoza kupereka manambala osiyana pa nyumba imodzi. Njira yowerengera inasinthidwa mu June 2025 ndipo tsopano amayeza zinthu zambiri, monga windo lililonse palokha, koma mapepala ndi ofunikabe. Sungani malisiti a insulation, satifiketi ya FENSA ya mawindo, mapepala a boiler. Ndipo mukakonza nyumba, satifiketi yakale siisintha yokha, mumaitananso woyeza kuti atulutse yatsopano.

Mayi Nangozo, woyeza wanu uja muimbireni. Ali ndi nyumba yanu mu kompyuta yake, ndipo ambiri amavomera kukuwerengerani kuti mukachita chakuti mufika pa mapointi angati. Mukatero mudziwiratu musanalipire aliyense.

Kondwani
Kwa amene ali m'maflat a leasehold, aja ogula kwa zaka zoikika pa pangano lotchedwa lease, zambiri mwa izi sizitheka popanda chilolezo cha mwini chinyumba chonsecho. Makoma, denga, nthawi zina ngakhale mawindo si anu. Muziwerenga lease musanalonjeze wogula chilichonse.

Nangozo
Abale, pali chatsopano. Bambo akunyumba atawerenga zimene mwalembazi anatuluka kukayang'anitsitsa khoma la kumbali. Akuti pa mizere ya matope pakati pa njerwa pali timadontho tozungulira ta simenti ya mtundu wosiyana, totalikirana mofanana khoma lonse. Aneba athu, amene akhala pano nthawi yaitali, akuti akukumbuka galimoto ya kampani itabwera ndi mapaipi eni ake akale asanasamuke. Kodi n'kutheka kuti insulation ilimo kale?

Nankhoma
Timadontho timeneto ndi mabowo amene amaboola popopera insulation, kenako n'kuwamata. Ifenso khoma lathu lili nato. Ngati nyumbayo yakhala zaka zonsezi yopanda chinyezi, ndiye kuti anagwira ntchito yabwino.

Aphiri
Ndi chizindikiro champhamvu, ndipo woyeza akanayenera kuchiona, chifukwa mabowo oterowo amavomerezedwa ngati umboni. Jambulani zithunzi zooneka bwino mumutumizire. Fufuzaninso m'mapepala amene loya anakupatsani pogula nyumbayo, mwina muli gerenti ya CIGA, bungwe limene limapereka chitsimikizo cha zaka 25 pa ntchito ya cavity. Ngati mulibe, alembereni a CIGA ndi adiresi yanu, akhoza kuona ngati ntchitoyo inalembetsedwa kwa iwo. Zikakanika zonse, wa kakamera uja amene Nankhoma anatchula akhoza kuboola kabowo kamodzi n'kukulemberani lipoti la zimene waona.

Woyeza akakana kukonza satifiketiyo, pansi pake pali dzina la bungwe limene linamuvomereza, ndipo madandaulo amapita kumeneko. Koma yambani ndi iye mwini, mwaulemu, ambiri amabwereranso popanda vuto. Insulation ya kudenga ndi mababu zichitenibe asanabwere, kuti adzawerengere zonse pa ulendo umodzi.